Mwazula pulagi, koma moto ulimobe

Nonse mwamva za mnyamata uja anagonekedwa m'chipatala sabata yatha. Anatsegula mayikulowevu yowonongeka atazula pulagi ndithu, n'kupisa dzanja m'kati. Inamuponyera kukhoma. Ena mukuti ndi tsoka chabe. Ayi, abale anga. Kuzula pulagi sindiye kuti moto watha.

M'katimo muli kachipangizo kotchedwa kapasita. Ndi timalata tiwiri toyang'anizana, pakati pake pali chinthu chosadutsa magetsi. Magetsi akalowa amaunjikana pa timalatato n'kukhala phee, ngati madzi m'thanki odikira wotsegula mpopi. Ya mumayikulowevu imasunga mavoti pafupifupi 2,000, ndipo mpopi wake ndi dzanja lanulo. Opanga amaikamo resistor, kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi, kuti izikhetsa motowo pang'onopang'ono, koma nayonso imafa, ndipo ikafa sikuuzani. Pulagi mwazula, moto ulimobe.

Sikuti kapasita ndi mdani. Fani ija imangolira kuti mmm mpaka muikankhe, kawirikawiri ndi kapasita yake yatopa. Ndipo inu okankha ndi chala fani ili pamoto, ndikukuonani, musayang'ane kumbali.

Eya bambo, kumbuyoko? Kwezani mawu. Akuti batire la galimoto ndi la mavoti 12 okha, nanga bwanji waya wopita ku pulagi ya injini unawagwedeza mkono wonse? Mwafunsa bwino, bambo, chifukwa ameneyo ndi mnzake wa kapasita, koyilo, ena amati indakita. Ndi waya wokulungizidwa kambirimbiri. Magetsi akamayenda m'wayamo amapanga mphamvu ya maginito mozungulira, ndipo koyilo ndi waliuma: safuna kuti mayendedwe a magetsiwo asinthe mwadzidzidzi. Mukamayatsa amakaniza kaye. Mukadula mwamsanga, maginito aja amagwa nthawi imodzi, mavoti n'kulumpha. M'galimoto amachita dala zimenezi, amadula magetsi a koyilo yoyamba kuti yachiwiri, yokhala ndi mikombero yambiri, itulutse mavoti opitirira 20,000. Ndiye kamoto kaja kamathetheka pa pulagi, ndiye kanakupezani inuyo. Kusiyana kwake n'koti koyilo amalavula zonse pompo, pamene kapasita amasunga chakukhosi. Mukawalumikiza awiriwa amaponyerana mphamvu uku ndi uku, ndipo ndi mmene wailesi imasankhira siteshoni imodzi n'kusiya zina.

Ndaona ena ayamba kuyasamula, ndifulumire. Zulani pulagi, dikirani, komabe musakhulupirire. Yezani ndi mita yoyezera mavoti. Pokhetsa moto gwiritsani resistor yoyenera yokhala ndi zogwirira zokutidwa, osati kugunditsa sikuludiraiva. Vulani mphete ndi wotchi, dzanja limodzi kumbuyo, pansi pakhale pouma. Kapasita yotupa kapena yochucha njosintha basi. Mayikulowevu ndi TV yakale yachimbuyo ija, musatsegule n'komwe, pitani nazo kwa odziwa. Wina akagwidwa ndi magetsi musamukhudze, thimitsani kaye pa switchi yaikulu, kenako kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, chifukwa mtima umatha kusokonezeka pambuyo pake.

Pulagi mwazula, moto ulimobe. Mayi, funso lanu lija la tchaja mundipeze pakhomopo tikamatuluka.