Bambo wogulitsa nyenyezi ku Indianapolis

Moni nonse kumene muli, kaya muli pa shifiti ya usiku kusamala agogo, kaya muli pa chiwongolero kuperekera anthu katundu. Ndangofika kumene kuno ku South Bend ndipo mtima sunakhale m'malo, ndiye mundilole ndiyankhule mpaka uphwe.

Amene mumandimvera kawirikawiri mukudziwa kuti mwana wa mlongo wanga amasewera basketball. Ali giredi 11 tsopano. Loweruka timu yake ya AAU, ya m'mipikisano ya achinyamata ya kunja kwa sukulu, inali ndi mpikisano ku Indianapolis, mayi ake anali ku ntchito, ndiye malume ndi wa chiyani? Ndinamunyamula, ulendo pa US 31. Amene munafikako m'maholo amenewa mukudziwa mmene zimakhalira. Makhothi ali ndandanda, mawezulo akulira mbali zonse, nsapato zikungoti tswii tswii pansi, makolo tikulipira pakhomo kuti tione ana athu omwe.

Mnyamata anasewera, abale. Pena anabera mpira pakati pa bwalo, n'kuthamanga yekha, n'kumenya danki ya manja awiri mpaka ringi inanjenjemera. Ndinaimirira, ndinakuwa m'Chichewa chenicheni, azungu onse n'kucheuka. Acheuke! Magazi a kwathu amenewo.

Ndiye apo pakutulukira bambo wina, malaya a gofu, tabuleti m'manja, kumwetulira mano onse pamtunda. Akuti mwanayu ndi wa nyenyezi zitatu, nyenyezi zija amapimira luso la osewera a ku hayi sukulu, kungoti anthu sakumudziwa. Akuti ndikalipira madola masauzande angapo amukonzera kanema, amuika pa intaneti, atumiza kwa makochi mazanamazana, ndipo Division I, gawo lapamwamba la masewera a m'makoleji, ndi yosakayikitsa. Atamva kayankhulidwe kanga n'kufunsa ngati ndine wa ku Africa, n'kuyamba za Joel Embiid, katswiri wa mu ligi yaikulu ya NBA. Embiid ndi wa ku Cameroon, ndi chimphona cha mafiti 7. Mwana wathu ndi mafiti 6 ndi mainchesi 3. Zikugwirizana pati? Ndinamufunsa funso limodzi lokha: mwamuonera magemu angati? Akuti waona danki ija. Danki imodzi, munthu akufuna ndalama ya renti ya miyezi ingapo.

Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'choti bamboyu anali atamuimbira kale mlongo wanga sabata yatha, ine osadziwa. Mlongo wanga ameneyu amagwira mashifiti awiri, msana unatha ndi kunyamula odwala, ndipo anali atapempha kale anzake a chipereganyu kuti mwezi uno alandire ndi iyeyo. Anthu awa amatidziwa. Amadziwa kuti tinabwera kuno chifukwa cha ana, kuti ukatchula sikolashipu timasiya kuganiza. Amadziwanso kuti masewerawa sitinakule nawo. Kwathu ukanena za mpira wa manja anthu amaganiza za ma Queens. Ine bwalo la basketball loyamba kuliona linali la simenti yong'ambika kuseli kwa sekondale yathu, ringi yopindika, yopanda ukonde, mpira umodzi sukulu yonse. Ndipo anyamata ataliatali analipo, ena kuposa awa ndikuwaona kuno, koma palibe anawayezapo msinkhu. Ndikakumbuka zimandiwawa.

Tsono mverani, makamaka inu makolo a ku Indiana kuno kumene basketball ili ngati chipembedzo. Anyamata osewera ku hayi sukulu m'dziko muno ndi oposa theka la miliyoni. Ofika Division I ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Kwa zaka zambiri timu ya amuna ya Division I inkaloledwa masikolashipu 13 okha, ndipo malamulo atasintha mu 2025 malire anakhala osewera 15 pa masukulu amene analowa dongosolo latsopanolo. Malo ake ndi amenewo. Kuonjezera apo, kuyambira 2018 kuli transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusintha koleji, ndipo kuchokera 2021 wosewera amatha kusintha koleji osakhala chaka pansi. Kochi amene ntchito yake ili pa chiswe atenga ndani, mwana wa zaka 17 kapena mwamuna wa zaka 22 amene wasewera kale ku koleji zaka zitatu? Nyenyezi zenizenizo amapereka ndi olemba nkhani za masewera a 247Sports, ESPN, On3, ndipo amazipereka poonera ana m'mipikisano ikuluikulu ngati Peach Jam ya Nike ku North Augusta. Sazigulitsa pa khonde la holo.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwezi watha ndinakhala pansi ndi kochi wa kusukulu kwa mnyamatayu, bambo wachikulire, wosachulutsa gaga m'diwa. Anandiuza kuti kochi wa ku koleji akamaonera mwana, funso lake loyamba si loti wagoletsa zingati, ndi loti angamake ndani. Pa sukulu yake mwana wathu ndi mmodzi wa ataliatali, ndiye amamuika pansi pa ringi. Ku koleji msinkhu umenewo ndi wa gadi. Azidzathamangitsana ndi tianyamata tachangu kunja kwa mzere, azidzayendetsa mpira ndi manja onse awiri, azidzaponya chapatali. Ndipo mzere wa mapointi atatu umasuntha: ku hayi sukulu uli pa mafiti 19 ndi mainchesi 9, ku koleji umapitirira mafiti 22. Bwalo limatalika kuchoka pa mafiti 84 kufika 94. Gemu imachoka pa mphindi 32 kufika 40, ndipo wotchi imakupatsani masekondi 30 okha kuti muponye. Mwana amene akuoneka mfumu lero akhoza kukafika kumeneko n'kusowa poima.

Ndiye Loweruka ndinaonera ndi maso amenewo. Itangotha danki ija, kamnyamata kena kakafupi ka timu inayo kanamudutsa motsatizana, mbali imodzimodzi. Wathuyu akamatchinga amaima chilili, miyendo n'kupingasa, m'malo mogwada pang'ono n'kumasuntha cham'mbali. Atamukankhira ku dzanja lamanzere mpira unamugunda pa bondo n'kutuluka. Ma free throw akulowa bwino, dzanja ndi lofewa, ndipo kochi uja anati chimenecho ndi chizindikiro chabwino kuti kuponya chapatali kudzabwera. Atamutulutsa anakakhala kumapeto kwa benchi, thaulo kumutu, osaombera anzake m'manja. Zimenezonso makochi a ku koleji amaziona. Amafunsanso zaka, chifukwa kuno ana ena amabwereza kalasi dala kuti azioneka akuluakulu pakati pa ang'onoang'ono. Kanema wa madanki okhaokha ali ngati kuyamikira munda poona mizere ya m'mphepete mwa msewu. Kochi wanzeru amapempha gemu yonse, ndi mphindi zimene mwana watopa zomwe.

Pobwerera m'galimoto mnyamata akuti, "Ankolo, inu simukundikhulupirira. Ine ndikufuna Division I basi." Ndinati iwe, ndikanapanda kukukhulupirira bwenzi nditagona kunyumba. Ndinamuuza za Ja Morant, amene kochi wothandizira wa Murray State anamupeza mwangozi akusewera m'kaholo kam'mbali, mu 2019 n'kusankhidwa wachiwiri ku NBA. Stephen Curry masukulu akuluakulu anamuona kuchepa thupi, Virginia Tech kumene anasewera bambo ake sinamupatse sikolashipu poyamba, anapita ku Davidson, mu 2008 n'kuifikitsa pa matimu 8 omaliza mu mpikisano wa makoleji wa dziko lonse. Damian Lillard anadzera ku Weber State. Jimmy Butler anayambira koleji ya zaka ziwiri ku Tyler, Texas. Pascal Siakam, mwana wa ku Africa mnzathu, New Mexico State. Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala Curry, ayi. Ndikunena kuti onsewa anapita kumene kochi ankawafunadi, kumene mpira unali m'manja mwawo. Timu ina imathamanga, ina imayenda pang'onopang'ono. Ina ili kale ndi magadi odzaza a chaka choyamba, ukapita kumeneko ukakalamba pa benchi. Uyenera kufunsa: pa malo angawa pali ndani, atsala ndi zaka zingati, ndipo inu kochi mudzakhala mulipo?

Ndipo tisamanyoze Division II, NAIA (bungwe lina la makoleji ang'onoang'ono) kapena makoleji a zaka ziwiri. Kuli mpira woopsa kumeneko. Division III sapereka sikolashipu ya masewera, koma mwana wa magiredi abwino amapeza thandizo la maphunziro. Apa ndiye pamene ife makolo timagona tulo. NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, imafuna maphunziro 16 amene iwo anawavomereza, GPA (avereji ya magiredi) yosachepera 2.3 ku Division I, ndipo 10 mwa amenewo akhale atatha mwana asanayambe giredi 12. Inu amene munaitanitsa mwana ali Fomu 2 kapena Fomu 3, mapepala a kwathu aja amafunikanso ku Eligibility Center, ofesi ya NCAA younika mapepala a sukulu, musawasiye m'sutikesi. Mwana akhoza kulumpha mpaka kudenga, kalasi imodzi ya masamu ikasowa kochi amangotseka foni.

Titafika, mlongo wanga anali akudikira pakhomo ndi yunifolomu ya ku ntchito. Ndinati achemwali, ndalama ya chipereganyu ija musaikhudze. Anakwiya kaye, akuti ndikutsekera mwana mwayi. Tinakambirana mpaka nsima inazizira. Tagwirizana kuti Lolemba tipita limodzi kwa mlangizi wa kusukulu tikawerenge maphunziro aja limodzi ndi limodzi. Kochi wachikulire uja atipatsa magemu athunthu, mnyamata alembera yekha makochi a makoleji ang'onoang'ono a kuno ku Indiana ndi ku Michigan, ndipo chilimwe chino dzanja lamanzere lija likhetsa thukuta pa bwalo la paki mpaka limve.

Bambo wa tabuleti uja waimbanso madzulo ano. Ndamuuza kuti mwanayu ali ndi malume. Ngati nanunso anakupezani, nditumizireni uthenga wa mawu, tidzaumvera limodzi sabata yamawa. Ndathamangira ku shifiti, tsalani bwino.