Kuika kaseti ya mano ambiri kuti njinga izikwera chitunda mosavuta

[Kamera pafupi ndi magiya a tayala la kumbuyo]

Mwafika pakati pa chitunda, miyendo yalema, chala chikukankhabe chosinthira magiya koma giya yopepuka yatha. Nthawi zambiri vuto silikhala mphamvu zanu ayi, limakhala mano a kasetiyi. Kaseti ndi mulu wa magiya womwe uli patayala la kumbuyo, ndipo umatchulidwa ndi manambala awiri. Ya 11-28 ndiye kuti giya yaing'ono ili ndi mano 11, yaikulu 28.

Tiwerengere limodzi. Kutsogolo kukakhala mano 34, kumbuyo 28, mukapalasa kamodzi tayala limazungulira ka 1.2. Mukaika giya ya mano 34 kumbuyo, kupalasa kamodzi tayala limazunguliranso kamodzi ndendende. Pedulo yapepuka ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo mawondo amamva kusiyanako.

Koma musathamangire kugula. Kumanga kaseti n'kosavuta, chomwe chimagwetsa anthu ndi tcheni ndi derailleur, chipangizo chomwe chimasamutsa tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina.

Poyamba onani ngati njinga yanu ili ndi kaseti kapena fuliwilo. Fuliwilo imachita kupotokolera pa habu ngati chitsekerero cha botolo, pomwe kaseti imalowa m'mizere ya habu n'kutsekedwa ndi mphete yotchedwa lockring. Ziwirizi sizilowerana. Kenako werengani magiya. Ngati alipo 11, gulani ya 11, chifukwa chosinthira chanu chinapangidwira mipata imeneyo. Mizere ya habu nayonso ndi yosiyanasiyana: HG, Micro Spline ndi XD, iliyonse ili ndi makaseti ake.

[Kamera pa derailleur, chala chikuloza nambala yolembedwa kuseri kwake]

Derailleur iliyonse ili ndi malire awiri. Oyamba ndi giya yaikulu yomwe ingathe kukwerapo. Mwachitsanzo, Shimano 105 R7000 ya mkono waufupi, ya SS, imalekera pa mano 30, pomwe ya mkono wotalikirapo, ya GS, imafika 34. Achiwiri ndi kuchuluka kwa tcheni chomwe mkonowo ungakoke kuti chisalendewere. Masamu ake ndi awa: chotserani magiya akutsogolo, chotseraninso akumbuyo, muphatikize. Kutsogolo 50 ndi 34 kwatsala 16. Kumbuyo 34 ndi 11 kwatsala 23. Pamodzi 39, ndipo GS ija imanyamula 39 yomweyo. Ya SS imalekera pa 35. Mukapyola malirewa, tcheni chimalendewera mukakhala pa giya yaing'ono kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'kumakhula pamkono wa derailleur.

Pali kachitsulo kotsitsira derailleur m'munsi, monga RoadLink ya Wolf Tooth. Kamathandiza kuti ikwere giya yaikulu, koma sikatalikitsa mkono, ndipo pa magiya aang'ono kasinthidwe kamayamba kuchedwa. Ife tikuti ngati kusiyana kuli kwakukulu, ingosinthani derailleur.

[Zida patebulo]

Pakufunika chain whip, chomwe ndi chogwirira chokhala ndi kachidutswa ka tcheni, chomasulira lockring, sipanala yaikulu, chodulira tcheni ndi girisi pang'ono.

Chotsani tayala. Kolekani chain whip pa giya ina yaikulu kuti kaseti isazungulire, lowetsani chomasulira mpaka chikhazikike, n'kupotoza mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi. Ikamasuka imalira kuti krrr, musadabwe, ndi timano ta lockring. Solorani kaseti yakale, pukutani habu, pakani girisi wochepa.

[Pafupi kwambiri: mizere ya habu]

Yang'anitsitsani apa. Mpata umodzi pa habu ndi wotakata kuposa inzake, ndipo giya iliyonse ili ndi dzino limodzi lalikulu lolowa pamenepo. Manambala a mano ayang'ane kunja. Ikakana kulowa musaimenye, mwaitembenuza. Timphete tolekanitsa magiya tibwerere m'malo mwake. Kaseti ya Shimano ya 11-34 ya magiya 11 imafuna kamphete ka mamilimita 1.85 kumbuyo kwake ikamaikidwa pa habu ya magiya 11 ya njinga zapamsewu. Mukaiwala, lockring imalimba koma magiya amagwederabe. Mangani lockring poyamba ndi dzanja kuti isapingase, kenako limbitsani mpaka 40 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira). Gwedezani ndi zala, pasakhale kuseweraseweranso.

Tsopano tcheni. Giya yakula, choncho chakale chikhoza kufupika, ndipo apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Tcheni chachifupi, mukangosinthira pa giya yaikulu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chimakoka derailleur mpaka kuipinda kapena kuthyola kachitsulo koikolekapo. Ndi bwino kuika chatsopano, chifukwa chakutha chimadumpha pa mano atsopano n'kuwadya msanga. Pa magiya 11, chikatambasuka kufika 0.5 peresenti pa choyezera, chatha. Poyeza utali, zungulizani tcheni pa giya yaikulu kutsogolo ndi yaikulu kumbuyo osadutsitsa mu derailleur, kokani mpaka nsonga zikumane, onjezerani malinki awiri, mudule pamenepo. Werengani kawiri musanadule.

[Njinga yakolekedwa, pedulo ikuzunguzidwa ndi dzanja]

Ikani tcheni pa giya yaikulu ya kumbuyo. Mukamva guluguru, kawilo kapamwamba ka derailleur kakugunda mano. Potozerani mkati sikuluwu ya B, yomwe ili pa derailleur pafupi ndi poikolekera, mpaka pakati pa kawiloko ndi nsonga za mano pakhale mpata wa mamilimita 5 kapena 6. Osapyoletsa, ukakula kwambiri magiya amachedwa kulowa.

Sikuluwu yolembedwa L ndiyo imatchinga tcheni kuti chisagwere m'masipoko. Kankhani derailleur ndi chala kulowera kutayala uku mukuzunguza pedulo pang'onopang'ono. Tcheni chikafuna kupitirira giya yaikulu, mangani L pang'ono. Chikamachedwa kukwera magiya aakulu, waya walefuka: tulutsani kopotokolera waya kotala ya mzungulo, muyesenso. Chikamachedwa kutsika, bwezerani mkati.

Chomwe mwataya n'chakuti magiya atalikirana. Ya 11-28 imayamba 11, 12, 13, 14, 15, pomwe ya 11-34 imayenda 11, 13, 15, 17. Pamalo athyathyathya nthawi zina mudzaona giya ina ikulemera, yotsatira ikupepuka kwambiri. Kwa wopikisana pa liwiro zimenezi zimasowetsa mtendere, koma kwa wokwera mapiri kapena wonyamula katundu, n'zopiririka.

Musanapite kuchitunda, yesani pabwalo. Dutsani magiya onse kukwera ndi kutsika mukupalasa mopepuka, ndipo yesaninso kamodzi giya yaikulu kutsogolo ndi kumbuyo. Mkono wa derailleur uzikhala udakali ndi kopindika pang'ono. Ukawongoka kuti tasa, tsikani pomwepo, tcheni chafupika.