Mwana Wanu Akadwala Ali pa Sitima Yapanyanja, Chipukuta Misozi Chimachokera Kuti?

Moni nonse owonera, a kuno ku Chipata, a ku Katete, Petauke ndi Lundazi. Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yamchere, komabe alipo ana athu amene amadzera ku Durban kapena ku Cape Town kukagwira ntchito m'sitima zikuluzikulu, ena monga ophika, ena operekera zakudya kwa alendo. Wina wa iwo akadwala ali pakati pa madzi, n'kubwera kumudzi atalumala, amene ayenera kumuthandiza ndani?

Yankho lili m'pangano la Maritime Labour Convention, limene bungwe loona za ntchito la ILO linavomereza ku Geneva m'chaka cha 2006 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 20 Ogasiti 2013. Panganoli limateteza aliyense wolembedwa ntchito m'sitima, ngakhale wotsuka mbale, koma sitima za asodzi sizili m'gulu limeneli.

Munthu akadwala kuyambira tsiku loyamba ntchito mpaka tsiku limene wabwezeredwa kwawo, mwini sitima ayenera kulipira chipatala, mankhwala, chakudya ndi malo ogona kufikira wodwalayo atachira, kapena madokotala atatsimikiza kuti kulumalako n'kwa moyo wonse. Dziko likhoza kuika malire pa nthawi yolipirayi, koma malirewo asachepere masabata 16. Dziko limene tikunenali si Zambia ayi, koma limene mbendera yake ili pa sitimayo, ndipo sitima zambiri zinalembetsedwa ku Panama, Liberia kapena Marshall Islands. N'chifukwa chake ndimapempha makolo kuti mwana asanachoke, alembe penapake dzina la sitima ndi mbendera yake, asiyenso pakhomo kope la kontilakiti.

Kuyambira pa 18 Januwale 2017, sitima iliyonse imene ili pansi pa panganoli iyenera kupachika poonekera chikalata cha inshuwalansi yolipira imfa kapena kulumala kobwera chifukwa cha ntchito. Kuchuluka kwa ndalama kumadalira kontilakiti ndiponso mlingo wa kulumala umene madokotala apeza.

Apa ndi pamene ambiri amaluzira, ndipo zimandiwawa mtima. Mnyamata amamva msana ukuwawa, koma poopa kutsitsidwa padoko amangopirira osauza kapitawo wake, ndipo pofika kumudzi alibe pepala ngakhale limodzi losonyeza kuti matenda anayambira kuntchito. Wina amabisa shuga kapena kuthamanga kwa magazi poyezedwa asanalembedwe ntchito, osadziwa kuti matenda obisidwa dala akhoza kumasula mwini sitima kuti asalipire chilichonse. Choncho kudwala kulikonse kunenedwe tsiku lomwelo, kulembedwe, ndipo wodwalayo asunge mapepala onse a chipatala, awajambulenso pa foni ndi kutumiza kwa abale.

Palinso pepala limene ena amapatsidwa akadali pabedi, lonena kuti alandira ndalama ndipo sadzafunsanso kanthu. Panganoli limaletsa kukakamiza munthu kulandira zochepa kuposa zimene zili mu kontilakiti, ndipo ngati kuyeza kulumalako kukutenga nthawi, wodwalayo ayenera kupatsidwa gawo la ndalama akudikira. Asanasaine, alankhule ndi loya kapena bungwe la apantchito la ITF, limene likulu lake lili ku London ndipo lili ndi oyendera sitima m'madoko ambiri.