Malo a Akatswiri Sagulidwa pa Foni

(Zimene mphunzitsi wa masewero analankhula pa msonkhano wa makolo ku Bembeke, m'boma la Dedza)

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo. Inu muli kumtengo uko sunthirani kuno, mphepo ya kwathu kuno imauluza mawu.

Nkhaniyi mwaimva kale. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wovala tirakisuti ya mbendera pachifuwa, wezulo m'khosi, kabuku m'manja. Anaima pabwalo lathu lija anyamata akumenya mpira, n'kumagwedeza mutu, n'kumalemba. Madzulo ake anayenda khomo ndi khomo. Akuti mwana wanu ndamusankha, apita ku malo a boma ophunzitsira akatswiri ku Lilongwe, akachoka kumeneko ndi wa kunja basi. Ingotumizani ya fomu, ya yunifomu ndi ya pasipoti pa nambala iyi. Ena munagulitsa matumba a kachewere amene munasungira feteleza. Wina mbuzi inapita. Lero nambala ija ikungoti siikupezeka.

Sindinabwere kudzaseka munthu ayi. Tithokoze kuti anapita ndi ndalama zokha, chifukwa pakhomo pena anapempha kuti anyamuke ndi mtsikana tsiku lomwelo, agogo ake ndi amene anakaniza. Ndiye mawu anga lero ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: malo m'timu ya dziko sagulidwa, ndipo mwana sanyamuka ndi munthu amene simunaone ofesi yake.

Bambo uja anatipusitsa chifukwa ambirife sitidziwa kuti malo oterowo amaoneka bwanji. Tikamva zoti malo ophunzitsira akatswiri timangoganiza bwalo la kapinga wobiriwira ndi jombo zatsopano. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Bwalo ndi kachigawo kochepa chabe.

Anzathu a ku Australia anapita ku Olimpiki ya 1976 ku Montreal n'kubwerako opanda mendulo ya golide ngakhale imodzi. Zinawawawa. Mu 1981 anatsegula malo awo mumzinda wa Canberra, n'kusonkhanitsa zonse pamodzi: mabwalo, dziwe losambira, zipinda zogona, khitchini, madokotala. Ku South Africa malo otere ali pa yunivesite ya Pretoria, ndipo pomwepo pali sekondale ya ana ochita masewero. Mwamva? Sekondale. Kumalo enieni mwana sasiya sukulu. Mmawa ali pabwalo, masana ali m'kalasi. Amadziwa kuti bondo limatha nthawi ina iliyonse, ndipo mpira wa munthu sukhalitsa. Tsono wina akakuuzani kuti asiye kaye Fomu 2, mpira umudyetsa, dziwani kuti ameneyo si wa masewero.

Mwana akafika kumalo otere, woyamba kumugwira si kochi, ndi dokotala. Amamvetsera mtima, kuyeza magazi, kufunsa ngati anakomokapo akuthamanga, ngati amabanika usiku. Mtsikana amene magazi ndi ochepa m'thupi amatopa msanga, ife kuno timangoti ndi waulesi. Kumeneko amayamba achiza kaye. Bambo wa tirakisuti uja anafunsapo za buku la kuchipatala la mwana aliyense? Anafunsa za nambala ya foni basi.

Ndiye pamakhala wina wowongola minyewa, amene osewera amati physio. Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali chizolowezi chimene chikundiwonongera ana. Mwana akabinya phazi Loweruka, Lolemba amabwera litatupa kawiri, lili ndi mphini. Amayi munawiritsa madzi n'kuthowa usiku womwewo, amalume n'kukoka chala chachikulu kuti mtsempha ubwerere. Ndikudziwa ndi chikondi. Koma masiku awiri oyambawo malo obinya safuna moto. Amafuna kuzizira, kupumula, kumanga bandeji mosathina kwambiri, ndi kuika mwendo pamwamba. Akatswiri amalowa m'bafa la madzi oundana akatha kusewera, mano gwegwegwe. Ife madzi a m'chitsime a mwezi wa June si ozizira mokwanira? Nyowetsani nsalu, ikani. Akalephera kuponda pansi, kuchipatala, mwina fupa lathyoka.

Khitchini nayo ili ndi katswiri wake, amene amawerengera kuti wothamanga mtunda wautali adye zotani, wankhonya adye zotani. Musaganize kuti ndi zakudya za m'zitini. Ndi nyemba, mazira, nsomba, mkaka, masamba, zipatso, mbatata, zomwe tikulima ife. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadya nthawi yake. Ife mazira timagulitsa onse, mwana n'kupita ku mpikisano wa zoni atangomwa tiyi wopanda mkute, akagwa pa raundi yachitatu ife n'kumati wamulodza. Abambo, dzira limodzi lokha musiyireni.

Kulinso jimu yonyamulira zitsulo motsatira msinkhu, osati zija anyamata mumapanga za simenti m'zitini kuseri kwa golosale. Kuli makamera ojambula mmene munthu akuthamangira, kenako amamuonetsa pang'onopang'ono kuti taona, phazi lako likutera chonchi, n'chifukwa chake bondo likupweteka. Kuli wolankhula nawo za mantha ndi nkhawa. Kuli nthawi yozimitsa magetsi, pakuti thupi limamangika munthu ali m'tulo. Kumene kukugona atsikana kumakhala mayi wowayang'anira. Zimenezi muzifunsa: mwana wanga akagona kuti, womuyang'anira ndani?

Kwathu kuno zinthuzi zilipo, koma zili apa ndi apo. Ku Lilongwe kuli bwalo la Bingu ku Area 48, lotsegulidwa mu 2017, lolowa anthu pafupifupi 41,000. Lili ndi njira yothamangiramo ya mamita 400, yofewa pansi, ukaponda imakukankha. Mwana wozolowera fumbi ndi zitsa akaponda pamenepo koyamba amaseka yekha. Kuli Kamuzu Institute for Sports, kumene anamanga dziwe la mipikisano yosambira pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 amene tinachititsa mu December 2022. Kuli nyumba ya masewero a m'kati yotchedwa dzina la malemu Griffin Saenda, amene anaphunzitsa ma Queens, timu ya dziko ya ntchemberembaye. A FAM, bungwe loyendetsa mpira wa miyendo, ali ndi Mpira Village ku Chiwembe ku Limbe, ndi malo ena ku Luwinga ku Mzuzu. Pamwamba pa mabungwe a masewero pali Malawi National Council of Sports, imene inakhazikitsidwa mu 1974. Onsewa ali ndi maofesi, zikwangwani ndi zidindo. Timu ya dziko ikamalowa m'bindikiro, mayina amalengezedwa poyera ndipo kalata imadzera ku timu kapena ku sukulu. Saitanitsa ya fomu pa foni. Ndabwereza: malo m'timu ya dziko sagulidwa.

(Bambo wina anaimirira: "Aphunzitsi, mwalankhula bwino, koma zonse mwatchulazo zili m'tauni. Ife kuno adzatiwona ndani? Amasankhana okhaokha ana a mabwana. Munthu uja tinamukhulupirira chifukwa ndi yekhayo amene anafika kuno.")

Khalani pansi bambo, mwafunsa zimene ambiri akung'ung'udza. Ndipo sindikutsutsani zonse. N'zoona kuti mwana wa ku Area 25 ali pafupi ndi maso a makochi kuposa mwana wa kuno. N'zoona kuti pali ana aluso amene amakalamba ndi khasu osaonedwa. Ine zimandipweteka kuposa inu, chifukwa ndimawaona tsiku ndi tsiku. Dziko lathu linayamba kupita ku Olimpiki mu 1972, mpaka lero mendulo sitinabwere nayo, ndipo chifukwa china n'chomwechi, timayang'ana pafupi.

Koma tamverani. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anachokera ku Rumphi, kutali ndi Lilongwe kuposa ife. Tabitha wasewera ku Sweden, ku China, ku Italy, ku France. Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ku America, n'kusankhidwa wosewera bwino koposa. Anayambira pa mabwalo a fumbi, n'kulowa timu, timu n'kuwaonetsa. Njira yake ndi yomweyo: mpikisano wa sukulu, zoni, boma, chigawo. Ndi yochedwa, yotopetsa, nthawi zina thiransipoti timasonkha tokha. Koma pa sitepe iliyonse pali munthu amene mungamupeze mawa mukamufuna. Pa Dedza Boma pali ofesi ya masewero ku khonsolo. Timu ya Dedza Dynamos inakwera mpaka mu Super League, matimu akuluakulu n'kumabwera kudzasewera pa bwalo la Dedza. Maso aja sali kutali ngati kale.

Ndipo pali chinthu chimene ife tili nacho, a m'tauni alibe. Ku Kenya kuli katauni kotchedwa Iten, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400 kuchokera pa nyanja yamchere. Azungu amalipira ndege kukakhala kumeneko milungu ingapo kuti azingothamanga m'misewu ya fumbi. Chifukwa chake n'chakuti kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndiye thupi limapanga magazi ambiri onyamula mpweyawo, munthu akatsikira kumunsi amathamanga osatopa msanga. Dedza Boma ili pa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri la Dedza ndi 2,198. Sitinafike pa Iten, koma mwana amene amakwera zitunda izi popita kusukulu ali ndi poyambira pabwino kuposa mnzake wa ku Salima. Chimene akusowa ndi chakudya, nthawi yoyeserera, ndi makolo omulola. Paja atsikana mumawaletsa, akuti akathamanga kwambiri sadzabereka. Bodza limenelo. Osewera ntchemberembaye angati amene ali ndi ana awo? Ndiye bambo, kuchedwa kwa njira yoona kusatipangitse kupereka mwana kwa munthu wa m'basi. Masukulu a mpira olipiritsa alipo, inde, a anthu wamba, koma ali ndi bwalo loti mukaliona, amapereka lisiti, ndipo salonjeza za ku Ulaya. Lamulo la FIFA sililola mwana wosakwana zaka 18 kugulitsidwa ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, monga makolo ake akasamukira komweko pa nkhani zina. Wokuuzani kuti wa zaka 15 ndimupititsa kunja, ameneyo akukamba zozembetsa anthu, ndipo lamulo lake lilipo, la 2015.

Ndamvanso kuti anauza ena kuti tichepetse zaka pa chitupa. Musayerekeze. M'mipikisano ya osapitirira zaka 17 amajambula dzanja apa, pamfundo, ndi makina a MRI, kuona ngati fupa linamaliza kukula. Ndevu mungamete, fupa simungalimete. (Kuseka.) Mwana amabwezedwa pamaso pa anzake, dzina laipa.

Ndi timapiritsi tija anasiya akuti n'towonjezera mphamvu, bweretsani kuno, musapatse mwana. Akatswiri amayezedwa mkodzo, wopezeka ndi mankhwala oletsedwa akhoza kuimitsidwa mpaka zaka 4. Ngakhale tramadol, mankhwala ochepetsa ululu aja, analetsa pa mpikisano kuyambira 2024. Chamba nachonso, anyamata mwakhala pa njinga uko, ndikunena inu.

Ndikuona amayi mwayamba kumanga ana kumbuyo, mitambo nayo yada, ndithamange. Akabwera wina, mufunseni chitupa ndi kalata ya bungwe lake, mujambule pa foni. Mupite naye kwa a mfumu ndi kwa ahedi, asakambire pakhonde panu. Ahedi aimbire ofesi ya masewero pa Boma iye ali pomwepo. Ndalama pa foni ayi. Chitupa chobadwira cha mwana musapereke, mupatseni fotokope ngati ofesi yavomera. Mwana akaitanidwadi, apite ndi mphunzitsi kapena kholo, mukaone pogona ndi maso anu. Akakana chimodzi mwa izi, kupolisi. Malo sagulidwa, mwana sanyamuka ndi mlendo, mwamva?

Amene munatumiza ndalama musafufute mauthenga aja m'foni, ndiwo umboni. Mutsale pang'ono mulembetse mayina kwa a komiti, Lachiwiri tipitira limodzi kupolisi. Oyeserera liwiro Lachitatu ikamakwana 3 koloko, atsikana ndi anyamata omwe, abwere atadya. A Gulupu, ndabweza kwa inu.