Pulogalamu Yoonetsera Nyimbo Kutchalitchi: Musalipire Musanaonere Izi

Monire mose! Muli bwanji abale ndi alongo kuno ku Mzuzu ndi kulikonse komwe mukuonera? Lero nkhani ndi pulogalamu yoonetsera nyimbo ndi mavesi pa pulojekita. Ngati ndinu wa media pampingo panu, kapena ndinu a komiti amene mwatumidwa kukagula zipangizo, musachoke, chifukwa pali bodza lina lomwe likudyera mipingo ndalama zambiri ndipo lero tilithetsa. Dinani subscribe kaye, tiyambe.

Mwachangu, mapulogalamuwa ali pawiri. Olipira ndi monga ProPresenter, EasyWorship ndi Proclaim. Aulere ndi monga OpenLP, Quelea, FreeShow ndi VideoPsalm. PowerPoint ndi yabwino pa zolengeza, koma pa nyimbo imavuta. Wotsogolera akabwerera ku kolasi kachitatu, inu mumayamba kusakasaka tsamba, mpingo wonse ukuonerera pakhoma. Mapulogalamu a tchalitchi amasunga nyimbo m'ndime ndi kolasi, mungodumphira pomwe oimba apita.

Tsopano nazi zinthu zofunika kusamala. Choyamba, laputopu ndi pulojekita zizionetsa zinthu zosiyana. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P, sankhani Extend, osati Duplicate. Mukasiya pa Duplicate, uthenga wa WhatsApp ukalowa aliyense auwerenga, kuphatikizapo abusa paguwa. Yesani pompano, ndikudikirani.

Chachiwiri, pulogalamu igwire ntchito popanda intaneti. Bandulo ikatha Lamulungu m'mawa, nyimbo zizitseguka ndithu. OpenLP, Quelea ndi FreeShow zimasunga zonse mu laputopu momwemo. Basi, tapita.

Tsopano bodza lija. Anthu amati: "Yaulere ndi yachabechabe, kuti mawu azioneka bwino pakhoma pamafunika ProPresenter." Ayi! Ndipo zimandiwawa kuona mpingo wa anthu 150 ukusonkha ndalama za pulogalamu pomwe vuto lili pena.

Mvetserani. Pulogalamu imangotumiza chithunzi. Kuwala kwa chithunzicho kumachokera mu pulojekita. Tchalitchi chokhala ndi mawindo akuluakulu, dzuwa la 10 koloko likulowa mbali zonse, pulojekita ya ma lumens ochepa (lumens ndi muyeso wa kuwala kwa pulojekita) idzaonetsa mawu otuwa ngakhale mutaikamo pulogalamu yodula bwanji. M'chipinda chowala choterocho funani ya 3,500 kapena 4,000 kupita m'mwamba, ndipo pabokosi palembedwe ANSI lumens. Timapulojekita totchipa timalemba manambala akuluakulu opanda mawu akuti ANSI, musanamizidwe. Mawu akamaoneka ophwanyikaphwanyika m'mbali, onani resolution, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. Mapulojekita ambiri akale ndi a 800 x 600, ndiye laputopu ikamatumiza chithunzi cha kukula kwina, pulojekita imachifinya. Chithunzi chikamathimathima, kayikirani chingwe: HDMI wamba, chingwe cholumikiza laputopu ndi pulojekita, ikapitirira mamita pafupifupi 15 imayamba kutaya chithunzi, ndipo mankhwala ake ndi timabokosi todutsitsa HDMI pa chingwe cha netiweki chotchedwa Cat6. Pa zitatu zonsezi, pulogalamu yalakwa chiyani?

Sindikunyoza ProPresenter. Ndi yamphamvu, makamaka kwa amene ali ndi masikirini angapo, makamera ndi kuulutsa pa Facebook nthawi imodzi. Koma imalipiridwa m'madola, mobwerezabwereza, ndipo mukudziwa momwe nkhani ya madola ilili m'dziko muno. Msungichuma adzakufunsani chaka chilichonse.

Ndiye ena amati, "Tili nayo ya crack, mnyamata wina anatiikira." Abale anga, imeneyo ndi yakuba. Tikuonetsa Mawu a Mulungu ndi katundu wakuba? Kupatula apo, mafayilo oterowo nthawi zambiri amabwera ndi ma virus, amalowa mu fulashi ya kwaya, mawa ali mu kompyuta ya ku ofesi ya mpingo. Simungaikonzenso ikatuluka yatsopano, ndipo ikaima pakati pa ulaliki palibe woti mumudandaulire. Pomwe OpenLP ndi yaulere mwalamulo, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, imaonetsa nyimbo, Baibulo, zithunzi ndi mavidiyo. Ilinso ndi chinthu chomwe ndimachikonda kwambiri: foni ikakhala pa Wi-Fi imodzi ndi laputopu, mumatsegula adiresi ya laputopuyo pa browser ya foni, kumapeto kwake muwonjezere :4316 (imeneyo ndi port), n'kumasintha ndime muli pa benchi. Intaneti sikufunika, rauta yokha kapena hotspot ikwanira.

Lembani mu comment, pampingo panu mukugwiritsa ntchito iti? Ndipo vidiyoyi itumizeni ku gulupu ya WhatsApp ya kwaya, ena apulumuke.

Chachitatu, ndipo kuno kumpoto ichi n'chofunika kwambiri, ziyankhulo zathu. Mipingo yambiri ku Katawa, Chibavi, Luwinga imaimba Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi Lamulungu limodzi. Musanasankhe pulogalamu, lembani mawu okhala ndi ŵ, monga ŵanthu, muone pakhoma. Pakatuluka kabokosi kapena chizindikiro cha funso, sinthani fonti, Arial imachionetsa bwinobwino. Polemba mu Word, tayipani 0175 kenako Alt ndi X, ŵ atuluka, mukopere. Nyimbo za m'mabuku athu, Sumu za Ukristu ndi Nyimbo za Mulungu, konzekerani kuzilemba nokha. Gawanani, aliyense nyimbo khumi, ndipo pamutu muziyamba ndi nambala ya nyimbo, chifukwa paguwa amatchula nambala. Ndime iliyonse ikhale payokha, kolasi payokha, mizere isapitirire inayi patsamba, zilembo zoyera pamalo akuda. Agogo akumbuyo awerenge osatsinzinira maso.

Baibulo nalo. OpenLP imalandira mafayilo a mtundu wa OSIS, Zefania ndi OpenSong. Buku Lopatulika ndi Buku Loyera, funsani chilolezo ku Bible Society of Malawi, musamangotola fayilo iliyonse pa intaneti, zina zili ndi mavesi osowa. Ndipo onetsani Baibulo lomwelo lomwe akuwerenga kutsogolo. Wowerenga akamanena zina pakhoma pali zina, anthu amasiya kumvera, amayamba kufananitsa.

Chachinayi, sungani ntchito yanu. Mu OpenLP pitani pa Tools, Open Data Folder, kopererani foda yonseyo mu fulashi mwezi uliwonse, fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Chachisanu, magetsi. Pulojekita ya babu imafuna fani izizungulirabe kanthawi mukaithimitsa. Magetsi akangothima mwadzidzidzi fani imaima babu likadali lotentha, ndipo moyo wake umafupika. Ikani UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, pakati pa soketi ndi pulojekita kuti mupeze mphindi zoithimitsa bwino. Nyengo ya mvula ya kuno, musaisiye m'kabati yachinyezi, galasi lake limachita nkhungu.

Chomaliza, phunzitsani anthu atatu, osati mmodzi. Loweruka pa kwaya ndi nthawi yabwino: wina akhale pa laputopu, oimba adumphe ndime mwadala, aphunzire kusintha tsamba mzere womaliza usanathe.

Vidiyo yotsatira tiika OpenLP pamodzi kuyambira pachiyambi mpaka nyimbo yoyamba itaoneka pakhoma, ndiye bwerani ndi laputopu ndi buku la nyimbo. Dinani like, dinani kabelu kaja. Yewo chomene!