Acyclovir: mankhwala amene amapusitsa kachilombo ka mashingozi

(Chithunzi: wakabaza akulumikiza tcheni cha njinga pamsika wa Lizulu, ku Ntcheu.)

Moni nonse owonera. Taonani tcheni chimene bambowa akulumikiza: kachitsulo kalikonse kamagwira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mutaikapo kogwira mbali imodzi yokha, tchenicho chathera pomwepo. Mankhwala a acyclovir amagwira ntchito mwanjira yomweyo.

Mankhwalawa anapezeka mu 1974 kukampani ya Burroughs Wellcome, ndipo Gertrude Elion, amene anatsogolera kafukufuku wa kagwiridwe kake ka ntchito, analandira mphoto ya Nobel mu 1988. Acyclovir amafanana ndi guanosine, kamodzi mwa tizidutswa timene kachilombo kamalumikiza popanga DNA yake (tcheni chosunga malangizo amene kamachulukanira), koma pa shuga wooneka ngati mkombero amene ali mu guanosine, acyclovir alibe mbali imene kachidutswa kotsatira kamayenera kugwira. Dzina lake lomwe likunena zimenezi, chifukwa "acyclo" amatanthauza chinthu chopanda mkombero.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mankhwalawa amalowa m'thupi ali chigonere, ndipo amene amawadzutsa ndi kachilomboko. Enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito) ya kachilomboka yotchedwa thymidine kinase imawamata phosphate yoyamba, kachidutswa kamene kamayamba kuwadzutsa, selo la munthu n'kuwonjezera ziwiri, kenaka kachilomboko kamawatola ngati kachidutswa kenikeni, DNA yake n'kuduka. M'maselo opanda kachilombo mankhwalawa amangodutsa osadzuka kwenikweni, n'chifukwa chake savutitsa thupi monga ankachitira mankhwala oyambirira.

(Chithunzi: matuza oyalana mbali imodzi ya nthiti.)

Kuno kwathu acyclovir amadziwika kwambiri pa mashingozi, matenda amene amabuka kachilombo ka katsabola kakadzuka m'mitsempha momwe kanabisala kuyambira paubwana. Amathandizanso pa matuza a herpes a pamilomo ndi kumaliseche, ndipo herpes ikafika kuubongo amaperekedwa padiripi. Wamkulu wodwala mashingozi amapatsidwa kawirikawiri mamiligalamu 800 kasanu patsiku kwa masiku 7, chifukwa matumbo amayamwa gawo lochepa chabe la piritsi. Phindu lake limaoneka bwino akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka, choncho amene amayamba wapaka zitsamba sabata yathunthu amafika kuchipatala nthawi itatha.

Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, motero wodwala azimwa madzi ambiri, ngakhale m'nyengo yozizira ya ku Dedza pamene ludzu silimveka. Kachilombo kobisala m'mitsempha sakachotsa, HIV sachiza, ndipo wachinyamata akabwera ndi mashingozi adokotala amamulangiza kuti ayezetsenso magazi.