Dokotala akati "tachotsa chotupa", funsaninso za m'mphepete mwake

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Lero tikambirane za khansa ya kummero, ija imayamba ndi nsima kukakamira pachifuwa, kenako phala, mapeto ake ngakhale madzi osatsika. Kuno kwathu ku Zambia, ku Malawi, mpaka ku Kenya, matendawa ndi ochuluka kuposa m'madera ambiri a dziko lapansi.

Pali funso limene achibale safunsa wodwala akatuluka ku opaleshoni: kodi m'mphepete mwa chodulidwacho munalibe khansa? Amayi mukudziwa, dzungu likaola mbali imodzi simudula poola penipenipo, mpeni mumaulowetsa pabwino kuti choola chisatsale. Dokotala nayenso amadula chotupa pamodzi ndi mnofu wooneka wabwinobwino, kumtunda, kumunsi ndi m'mbali, n'kukokera chifu m'mwamba kuti chilumikizane ndi mmero wotsalawo. Koma khansa iyi ndi yozembera. Imayenda pansi pa khungu la m'kati mwa mmero, n'kukafika kutali ndi pamene maso akuona chotupa. Mmero ulibenso kachikopa kakunja kamene matumbo ali nako, ndiye m'mbali matenda sachedwa kufika pa ziwalo zoyandikana nazo.

N'chifukwa chake chodulidwacho amachitumiza ku labotale. Kumeneko amapaka inki m'mphepete mwake monse, n'kuchicheka topyapyala, n'kuunika pa maikulosikopu. Akalemba R0, ndiye kuti m'mphepete mulibe khansa. R1, maselo a khansa afika pamene mpeni unadutsa, ngakhale maso sangawaone. R2, chatsala chooneka ndi maso. Ku Britain amakhwimitsa: khansa ikangoyandikira m'mbali ndi milimita 1, amaiwerengera R1.

A R0 ndi amene kawirikawiri amakhala zaka zambiri, ndipo chotupa sichibwerera msanga pamalo pomwepo. Komabe musamve R0 n'kusiya sikelo ya kuchipatala. Amaunikanso anabere amene achotsedwa, ndipo khansa ikapezeka mwa ambiri, chiopsezo chimakhala chachikulu ndithu.

Ku Netherlands, kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti mwa odwala amene anayamba alandira mankhwala a khansa ndi kuotchedwa ndi cheza asanachitidwe opaleshoni, 92 pa 100 anatuluka ndi R0, pamene ongopita ku opaleshoni anali 69 pa 100. Tsono akakutumizani ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka n'kunena kuti ayamba ndi mankhwala, musaganize kuti akukuchedwetsani.

Chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri timafika chotupa chitagwira kale njira ya mpweya kapena mtsempha waukulu. Pamenepo palibe pabwino poti mpeni udutse, amangoika kachubu kuti phala lizitsika. Nsima ikayamba kukakamira thupi likutha, makamaka inu osuta fodya ndi akumwa kachasu, musati ndi chilungulira chabe. Pitani ku kiliniki sabata yomweyo, mupemphe kalata yokutumizani ku chipatala cha Chipata Central, akaone kummeroko. Amene wachitidwa kale opaleshoni, pepala la ku labotale lija alipemphe, aziyenda nalo ulendo uliwonse wa kuchipatala.